Katundu wa Jean Valjean: Kuunika Kanema wa Les Misérables wa 1934

Akuluakulu adati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Mawu amenewa ndi oona m'moyo wa tsiku ndi tsiku, koma mlembi wa nthano yaitali ali nalo bwato lowolokera kutsidyako. Iye akhoza kutilowetsa mumtima mwa mpangankhani wake natiuza zimene akuganiza, zimene akuopa ndiponso zimene akubisa. Wokonza kanema alibe mwayi wotere, pakuti makina ake ojambulira amangoona nkhope, manja, zovala ndi mayendedwe. Nanga zimatha bwanji pamene buku limene nkhondo yake yaikulu imachitikira mumtima mwa munthu lisandutsidwa kanema? Funso limeneli ndilo tilingalire pounika kanema wa ku France wotchedwa Les Misérables, amene Raymond Bernard adatulutsa mu 1934 kuchokera m'buku la Victor Hugo la dzina lomwelo.

Maganizo athu ndi akuti Bernard adapambana chifukwa adapeza njira yoonetsera mtima wa munthu kudzera m'katundu amene munthuyo amasenza. Komabe pochita zimenezi adataya chinthu china chamtengo wapatali, ndicho liwu la mlembi lofunsa gwero la umphawi.

Tiyambe ndi buku. Victor Hugo adabadwa mu 1802 ndipo adamwalira mu 1885. Buku la Les Misérables, dzina limene tingalimasulire kuti anthu ovutika ndi onyozeka, lidasindikizidwa mu 1862. Pa nthawiyo mlembiyu ankakhala pa chilumba cha Guernsey, atathawa kwawo mu 1851 chifukwa chotsutsana ndi Louis-Napoléon Bonaparte amene adadzitengera mphamvu zonse za boma. Bukuli lili ndi magawo asanu ndipo masamba ake amapitirira 1,000.

Mpangankhani wamkulu ndi Jean Valjean, mmphawi amene adaba buledi pofuna kudyetsa ana 7 a mlongo wake. Bwalo la milandu lidamulamula kukagwira ukaidi zaka 5 ku Toulon, koma chifukwa choyesa kuthawa kangapo, adakhalako zaka 19. Atatuluka mu 1815 adapatsidwa chiphaso chachikasu chodziwitsa aliyense kuti mwini wake ndi mkaidi wakale. Atafika m'tauni ya Digne, eni nyumba zogona alendo adamukana. Amene adamulandira ndi Bishopu Myriel yekha. Usiku womwewo Valjean adaba masipuni ndi mafoloko asiliva a bishopuyo. Apolisi atamugwira ndi kubwera naye, bishopu adanena kuti zinthuzo adachita kumupatsa, ndipo adamuwonjezera zoikapo makandulo ziwiri zasiliva. Chifundo chimenechi chidamusintha. Adatenga dzina latsopano la Madeleine, adatsegula fakitale ku Montreuil-sur-Mer, adalemera ndipo adasankhidwa kukhala meya wa tauniyo. Koma wapolisi wina, Javert, sadaleke kumukayikira. Nkhani yonse yotsala ikusimba za Valjean akuthawa lamulo, kwinaku akulera Cosette, mwana wamasiye wa mayi wina wotchedwa Fantine.

Kanema wa Bernard adakonzedwa ndi kampani ya Pathé-Natan patangopita zaka zochepa chiyambire akanema olankhula. Zithunzi zake ndi zakuda ndi zoyera. Bernard adalemba sewero lake mothandizana ndi André Lang, wojambula adali Jules Kruger, ndipo nyimbo adapeka ndi Arthur Honegger. Harry Baur adasewera ngati Valjean, Charles Vanel ngati Javert, ndipo Florelle ngati Fantine. Kanemayu ndi wa mphindi pafupifupi 280, ndipo adagawidwa patatu kuti gawo lililonse lizionetsedwa palokha. Utali umenewu si chilema ayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu sasintha mtima m'kanthawi kochepa. Okonza akanema ambiri amene adafupikitsa nkhaniyi adatsala ndi mpikisano wa wapolisi ndi wakuba basi.

Tsopano tione luso lenileni la Bernard. Kanemayu akuyamba ndi chinthu chimene Hugo adangochitchula modutsa. Ku nyumba ya khonsolo ya mzinda wa Toulon kudali chosema chamwala chokhala ngati munthu, chimene chinkachirikiza khonde lam'mwamba. Chosemacho chidasekesa n'kuyamba kugwa, ndipo mkaidi Valjean adachitchinjiriza ndi phewa lake mpaka amisiri adafika. M'buku, nkhani imeneyi ikungotiuza kuti munthuyu adali wanyonga. Bernard adaiika poyambirira penipeni. Tisanamve liwu la Valjean, tisanadziwe mlandu wake, tikumuona atapindika pansi pa mwala wolemera umene si wake. Chithunzi chimenechi ndicho chitseko cholowera m'kanema yense.

Tikatsata bwino, tipeza kuti pa mfundo iliyonse yaikulu ya moyo wake Valjean akusenza kanthu. Ku Toulon akusenza mwala. Ku Montreuil-sur-Mer akulowa pansi pa ngolo imene yapsinja nkhalamba Fauchelevent, naikweza ndi msana wake. M'nkhalango ya ku Montfermeil, usiku wa Khirisimasi, akulandira chidebe cha madzi m'manja mwa kamtsikana Cosette, kamene banja lankhanza la Thénardier lakatuma kukatunga madzi mumdima. Pomaliza, akubereka Marius, mnyamata wovulala, kudutsa naye m'ngalande za zonyansa za pansi pa mzinda wa Paris. Zochitika zimenezi zimachokera m'buku, koma kumeneko zatalikirana ndi masamba mazanamazana. M'kanema zayandikana, kotero kuti diso la woonera limazilumikiza lokha.

Chofunika kuona ndi kusiyana kwa akatundu anayiwa. Mwala adausenza ali mkaidi, munthu amene boma linkamuyesa chida chogwirira ntchito. Ngolo adaikweza mwa kufuna kwake, akudziwa kuti Javert waima pomwepo ndipo akukumbukira mkaidi mmodzi yekha amene adali ndi mphamvu zotere. Choncho nyonga yomwe ikupulumutsa nkhalambayo ndiyo ikumuulula iye mwini. Chidebe cha Cosette ndi chopepuka kuposa zonse, koma ndicho chidamumanga moyo wake wonse, pakuti pochigwira adasanduka bambo. Katundu wotsiriza ndiye wowawa koposa. Marius ndi mnyamata amene akukondana ndi Cosette, ndipo Valjean akudziwa kuti mnyamatayu akachira adzamutengera munthu yekhayo amene iye amamukonda pa dziko lapansi. Akadamusiya pamene adagwerapo, palibe amene akadamuimba mlandu. Iye adamubereka. Motero popanda wotifotokozera, tikuona ulendo wa mtima wake: kuchoka pa kusenza mokakamizidwa kufika pa kusenza chinthu chimene chidzamusiya ali yekha.

Njira imeneyi siikadatheka popanda Harry Baur. Pojambula kanemayu adali ndi zaka zopitirira 50. Adali munthu wathupi lalikulu, wankhope yotakata ndi yolemera, wosaoneka ngati ngwazi za m'makanema achikondi. Kumayambiriro amayenda ngati chilombo chimene chazolowera chikwapu: mutu pansi, maso akuyang'ana cham'mbali, chakudya akuchidya mothamanga ngati wina amulanda. Atakhala meya amaima mowongoka ndi kulankhula mofatsa, komabe mapewa aja amaoneka ngati akudikira katundu wina. Baur salira kawirikawiri ndiponso sakuwa popanda chifukwa. Kusintha kwa Valjean timakuwerenga pa thupi lake monga momwe mlimi amawerengera nyengo pa mitambo.

Pa nkhani ya bishopu pali chinthu china chokondweretsa. Henry Krauss, amene adasewera ngati Bishopu Myriel, ndi yemwe adali Valjean m'kanema wosalankhula amene Albert Capellani adakonza zaka pafupifupi 20 m'mbuyomo. Oonera achikulire a mu 1934 ankaona wakuba wadzana atasanduka wokhululukira wakuba walero. Kaya Bernard adachita dala kaya ayi, kusankha kumeneku kukugwirizana ndi phunziro la buku lonse, lakuti wolandira chifundo ndiye amadzachipereka kwa wina.

Pachimake pa gawo loyamba ndi mlandu wa Champmathieu. Uyu ndi nkhalamba yosauka, yosaphunzira, imene yagwidwa ndi nthambi ya maapozi. Javert pamodzi ndi akaidi atatu akale akulumbira kuti munthuyu ndi Jean Valjean. Akapezeka wolakwa adzafera kundende, ndipo Valjean weniweni adzakhala pa mtendere mpaka imfa. Apa ndipo pali yesero lalikulu. Akakhala chete, munthu wosalakwa awonongeka. Akadziulula, fakitale itsekedwa, antchito asowa chochita, ndipo lonjezo lake kwa Fantine lokatenga Cosette likhala pa ngozi. Hugo adalemba mutu wathunthu wofotokoza usiku umene Valjean adalimbana ndi chikumbumtima chake, ndipo mutuwo adautcha dzina lotanthauza namondwe wa m'mutu mwa munthu. Bernard adatenga dzina lomwelo kukhala la gawo loyamba la kanema wake. Izi zikusonyeza kuti adazindikira pamene pagona mtima wa nkhani.

Pofuna kuonetsa nkhondo ya mumtimayi, Bernard adachita chinthu chimene buku silingathe. Adapatsa Harry Baur mbali zonse ziwiri, ya Valjean ndi ya Champmathieu. M'bwalo la milandu ku Arras, woonera akuona nkhope imodzi pa anthu awiri. Wina wavala bwino ndipo akulandiridwa mwaulemu chifukwa ndi meya. Winayo ali m'nsanza, akulankhula zosalongosoka, ndipo anthu akumuseka. Apa tikuphunzira zinthu ziwiri. Choyamba, lamulo limaweruza zimene likuona kunja: nkhope, zovala ndi mbiri. Mboni sizikunama dala, zikungokhulupirira maso awo, ndipo maso awanyenga. Chachiwiri, Valjean akamuyang'ana Champmathieu akudziona yekha monga akadakhalira bishopu uja akadapanda kumutsegulira chitseko. Kumusiya munthuyu kuti aweruzidwe kukadakhala kudzikana yekha. N'chifukwa chake akaimirira ndi kutchula dzina lake lenileni, sitifunanso wina wotiuza chimene chachitika mumtima mwake. Umenewunso ndi katundu: dzina lakale limene adalitula, tsopano akulisenzanso kuti mnzake apepukidwe.

Kajambulidwe nako kakuthandiza. Kawirikawiri Kruger amapendeketsa makina ake ojambulira, kotero kuti makoma, zitseko ndi anthu amaoneka ngati ali pa chitunda, pafupi kugwa. Dziko limene mwana amatumidwa kuthengo usiku ndiponso limene buledi amagulidwa ndi zaka 19 si dziko loongoka, ndipo zithunzi zikunena zomwezo. Mithunzi yaitali ndi kuwala kochepa kwa makandulo zimachititsa zipinda kuoneka ngati ndende. M'ngalande za Paris mawu ndi ochepa. Mdima, madzi ndi nyimbo za Honegger ndizo zikusimba nkhani. Tiyenera kuvomereza kuti kupendeketsa zithunzi kuja nthawi zina kwachuluka. Mchere ukapitirira ndiwo zimawawa, ndipo pali malo ena pamene woonera amayamba kuganiza za wojambula m'malo moganiza za ampangankhani.

Gawo lachitatu likuonetsa kuukira boma kumene kudachitika ku Paris pa 5 ndi 6 Juni 1832, pa maliro a mkulu wa asilikali Lamarque amene anthu wamba ankamukonda. Tisasokoneze chipolowe chimenechi ndi kusintha kwakukulu kwa boma kwa mu 1789. Ichi chidachitika patapita zaka 43 ndipo chidalephera. Achinyamata adatseka misewu ndi miyala, migolo ndi ngolo, koma asilikali adawagonjetsa. Bernard adali atakonza kale kanema wa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Les Croix de bois, mu 1932, ndipo ankadziwa kujambula imfa popanda kuikometsera. Makina ojambulira amalowa pakati pa omenyana ndi kugwedezeka nawo limodzi. Imfa ya Gavroche, kamnyamata ka m'misewu kamene kakuwomberedwa kakutola zipolopolo uku kakuimba, ndi imodzi mwa mbali zogwira mtima kwambiri. Tikumbukirenso kuti kanemayu adayamba kuonetsedwa mu Febuluwale 1934, mwezi womwe pa 6 padabuka chipolowe china mu Paris momwemo, anthu n'kufa. Ntchito zidali zitasowa chifukwa cha kugwa kwa chuma pa dziko lonse. Oonera oyambawo sankaona nkhani yakale chabe.

Tanena zimene Bernard adapindula. Tsopano tione zimene adataya. Hugo sadalembe nthano yokha. Kawirikawiri amaimitsa nkhani n'kuyamba kulankhula ndi wowerenga. Adalemba mitu 19 yofotokoza nkhondo ya ku Waterloo ya mu 1815. Adalemba za moyo wa m'nyumba za masisitere, za chiyankhulo chobisika cha mbava, ndiponso za mbiri ya ngalande za Paris. Owerenga ena amadumpha masamba amenewa, ndipo Bernard adawachotsa. Adachotsanso kubwerera kwa Valjean ku ukaidi ndi kuthawa kwake pa sitima yapamadzi ya Orion. Zambiri mwa izi kanema sakadazikwanitsa, ndipo sitimuda nazo. Koma pamodzi ndi masambawo padapitanso funso limene Hugo ankalifunsa mobwerezabwereza: kodi ndani adapanga anthu ovutikawa?

Titenge chitsanzo cha Fantine. Iye adachotsedwa ntchito m'fakitale ya Madeleine zitadziwika kuti ali ndi mwana wopanda bambo. M'buku tikuwerengera limodzi ndi mlembi ndalama iliyonse: tsitsi lake adaligulitsa mafalanki 10, mano awiri akutsogolo mafalanki 40, zonsezi pofuna kulipira a Thénardier amene ankanama kuti mwana akusowa zovala ndi mankhwala. Hugo akutionetsa momwe malipiro osoka malaya adatsikira, momwe ngongole zidakulira, ndi momwe anthu odziyesa olungama adamukankhira ku uhule. Kenaka akuloza chala mtundu wonse wa anthu. M'kanema, Florelle akutimvetsa chisoni kwambiri, ndipo ndi wouma mtima yekha amene sangakhudzidwe. Koma chisoni si chimodzimodzi ndi kumvetsa. Woonera akhoza kutuluka akuganiza kuti Fantine adangochita tsoka pokumana ndi anthu oipa. Wowerenga sangathawire kumeneko, pakuti mlembi wamuuza kuti vuto lili m'malamulo, m'malipiro ndi m'kusowa kwa maphunziro.

Chimodzimodzinso Javert. Charles Vanel akumusewera mwaluso, mouma ndi mosasekerera, ngati munthu amene mwambi wakuti mlandu suwola udalembedwa pamphumi pake. Koma buku limatiuza kuti Javert adabadwira m'ndende, bambo wake ali mkaidi, ndipo adakakamira lamulo chifukwa ndi lokhalo likadamulekanitsa ndi chiyambi chake chonyozeka. Valjean atamupulumutsa kwa oukira boma amene ankafuna kumupha, Javert adapezeka pakati pa zinthu ziwiri: kumanga munthu amene wamupatsa moyo, kapena kuphwanya lamulo limene ndi moyo wake. Adadziponya mumtsinje wa Seine. M'buku timayenda naye m'maganizo ake mpaka pa mlatho. M'kanema timamuona kunja kokha. Njira ya Bernard ija imagwira bwino ntchito pa munthu wosenza zinthu zooneka, koma katundu wa Javert ndi wosaoneka, motero imfa yake siitigwira mofanana ndi m'buku. Za Marius ndi Cosette atakula, tinganene kuti chikondi chawo n'chozizira poyerekeza ndi moto wa Baur, ngakhale kuti chofooka chimenechi chimayambira m'buku momwemo.

Mbiri ya amene adakonza kanemayu ikutikumbutsa kuti funso la Hugo silidakalambe. Mu 1940 dziko la Germany lidalanda France, ndipo mu 1942 Ayuda a m'dera lolandidwalo adalamulidwa kuvala nyenyezi yachikasu pa zovala zawo. Bernard Natan, mkulu wa kampani imene idakonza kanemayu, adatumizidwa ku Auschwitz m'chaka chomwecho ndipo sadabwereko. Raymond Bernard, amene adali Myuda, adapulumuka chifukwa chobisala. Harry Baur adanenezedwa kuti ndi Myuda, adamangidwa ndi kuzunzidwa, ndipo adamwalira mu Epulo 1943. Munthu amene adaonetsa dziko kuwawa kwa chiphaso chachikasu adakumana ndi boma loweruza anthu poona chizindikiro m'malo moona mtima.

Pomaliza, tingati chiyani za kanemayu? Akatswiri ambiri amamuyesa wopambana mwa akanema onse ochokera m'buku la Hugo, ndipo ife tikugwirizana nawo. Kupambana kwake sikuli pa kusunga tsamba lililonse, pakuti taona kuti zambiri adazisiya. Kuli pa kuzindikira kuti kanema ali ndi chiyankhulo chakechake, ndipo kuti womasulira wabwino amasunga tanthauzo, osati mawu okha. Bernard adafunsa chimene maso angaone m'malo mwa chimene mlembi adanena, ndipo yankho adalipeza pa msana wa Jean Valjean. Valjean akumwalira Cosette ndi Marius ali pambali pake, zoikapo makandulo za bishopu zija zili pafupi. Ndi chuma chokhacho chimene sadachigulitse m'zaka zonsezo, chifukwa chinkamukumbutsa ngongole ya chifundo imene adaibweza kwa anthu ena.

Komabe wophunzira amene aganiza kuti kuonera kanema kwamupeputsira ntchito yowerenga buku adzinyenga yekha. Kanema akutionetsa bwino munthu amene akusenza katundu. Koma kuti tidziwe amene adamusenzetsa katunduyo, ndi chifukwa chake ena amayenda manja ali m'thumba pamene anzawo akupindika, tiyenera kubwerera kwa Hugo ndi kuwerenga ngakhale masamba aja amene ambiri amawadumpha.